Vayolini, Msuweni wa Kaligo

Msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo umadutsa pa Chegutu, kenako pa Kadoma, makilomita pafupifupi 140 kuchokera kulikulu. Ukapatuka pa Kadoma n'kulowera kumpoto chakumadzulo umakafika ku Sanyati, dziko lotentha la alimi a thonje, kumene amishoni a Baptist anamanga chipatala m'zaka za m'ma 1950. Mpaka chaka cha 1982 Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu ankatchedwa Hartley. Mayina akalewo ndi amene ankawadziwa agogo athu otchona kuno. Ena anabwera wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Anakumba golide ku Cam and Motor pa Eiffel Flats ndi ku Dalny pa Chakari, analima m'mafamu a azungu, ndipo ana awo ena anadzalowa ntchito yoomba nsalu kwa David Whitehead.

M'mitolo mwawo munalibe zambiri, koma nyimbo anabwera nazo. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, akutulukabe m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu mpaka lero. Chichewa nachonso sichinathe: malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amachiwerenga pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Nkhani ino ikunena za kuphunzira vayolini ndi malamulo a nyimbo kwa mphunzitsi wapadera, uja amakhala ndi wophunzira mmodzi pa nthawi. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za ana a anthu olemera a ku Harare ndi sukulu za mipanda yaitali. Ine ndayambira dala kumigodi ndi kuminda ya thonje, chifukwa kaphunziridwe kameneka, ka mphunzitsi mmodzi ndi wophunzira mmodzi, ndi kamene kanatulutsa oimba otchuka a m'dziko lino, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a matchona.

Aphunzitsi a m'komboni

Nicholas Zakaria, mwana wa makolo ochokera ku Malawi, anakulira m'mafamu a ku Mazowe ndipo anadzatsogolera gulu la Khiama Boys. Anthu a ku Zimbabwe anamupatsa dzina loti Senior Lecturer, mphunzitsi wamkulu wa kukoleji, ngakhale kalasi yake inali pamalo poyeserera nyimbo ndi m'maholo a madansi. Dzinalo linabwera chifukwa cha anyamata amene anadutsa m'manja mwake. Wodziwika koposa ndi Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva, nayenso magazi a ku Malawi, amene kaimbidwe kake ka gitala ya besi kanasintha nyimbo za sungura. Macheso anakhala zaka zambiri pambali pa Zakaria, kuyang'ana zala, kumvetsera, kudzudzulidwa, asanayambitse gulu lake la Orchestra Mberikwazvo.

Kuno kudera la Chegutu kunakulira Simon Chimbetu, mwini nyimbo za dendera, amene ankaimbanso m'Chichewa ndi m'Chiswahili. Kwa a Chimbetu luso linayenda m'banja: Simon anayamba ndi m'bale wake Naison m'gulu la Marxist Brothers, ndipo iye atamwalira mu 2005 mwana wake Suluman anatenga Orchestra Dendera Kings. Robson Banda, wobadwira ku Petauke m'dziko la Zambia, anamanga gulu lake la New Black Eagles m'matauni omwewa a Kadoma ndi Chegutu.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Ali ana anakhala ndi makolo awo ku Salisbury chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kutola kumeneko nyimbo za kwela za chitoliro ndi gitala. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anawapeza akuimba mu Blantyre. Munthu wa madigiri uja anasanduka wophunzira, mpaka anadzakhala woimba m'gulu la Donald. Mu 1999 Donald Kachamba anaitanidwa kukaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles.

Onsewa anaphunzira ndi khutu, maso ndi zala. Mnyamata amayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga, kenako wamkulu wina amamuona, n'kumuuza kuti, "Iwe, bwera kuno, chala icho sichikhala pamenepo." Phunziro la vayolini limayambanso chimodzimodzi.

Nsambo imodzi ndi nsambo zinayi

Achewa, Amang'anja ndi Ayao ali ndi choimbira chawo cha uta chotchedwa kaligo. Chimakhala ndi kang'oma kakang'ono kokutidwa ndi chikopa, ndodo yolowa m'kang'omako, chichiri chokungira, ndi nsambo imodzi imene amaikwecha ndi kauta. Woimba kaligo amaimbanso pakamwa, ndipo liwu la nsambo limatsata liwu la munthu ngati mnzake woyankha. Masiku ano oimba kaligo asowa, moti achinyamata ambiri sanamuonepo. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti luso lokwecha nsambo ndi uta linayambira pakati pa Asia zaka zoposa 1,000 zapitazo, n'kufalikira ndi amalonda: kumadzulo linafika ku Ulaya kudzera mwa Aluya ndi Agiriki, kummwera linatsika ndi gombe la nyanja ya India n'kulowa kumtunda kwathu. Ndiye chifukwa chake ndikuti vayolini ndi kaligo ndi pachisuweni.

Vayolini monga tikuidziwa lero inakhwima kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1500. Mumzinda wa Cremona munali banja la Amati, loyambira kwa Andrea Amati, ndipo pambuyo pake munatuluka Antonio Stradivari, amene anamwalira mu 1737 atasema zoimbira mpaka ukalamba wake. Mavayolini ake akuimbidwabe, ndipo amagulidwa ndi mamiliyoni a madola. Maonekedwe a choimbirachi asintha pang'ono chabe kuchokera nthawi imeneyo.

Thabwa la pamwamba ndi la mtengo wopepuka wa spruce, la kumsana ndi la maple, ndipo pamene pamayenda zala amaikapo mtengo wakuda wolimba wa ebony. Nsambo zinayi zimadutsa pa kamlatho kopyapyala. Kamlathoko sikamatidwa ndi guluu. Kamaima chifukwa cha kukungika kwa nsambo basi. M'kati mwa bokosi, chapansi pa mwendo umodzi wa kamlatho, muli kamtengo kozungulira konga pensulo kamene kamalumikiza thabwa la pamwamba ndi la kumsana. Nako sikamatidwa. Ataliyana amakatcha anima, kutanthauza mzimu, ndipo sananame: kakagwa, liwu la vayolini limafooka ngati la munthu wodwala. Uta uli ndi ubweya wa kumchira wa hatchi, ndipo ubweyawo sugwira nsambo pokhapokha utapakidwa utomoni wouma wa mtengo wa paini. Uta watsopano wosapakidwa umangotsetsereka, osatulutsa mawu, moti ambiri ogula koyamba amaganiza kuti awagulitsa chinthu chakufa.

Chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa vayolini ndi gitala n'chakuti pa khosi pake palibe tizitsulo togawa mawu. Pa gitala, chala chikagwa paliponse pakati pa tizitsulo tiwiri liwu limatuluka lolondola. Pa vayolini, chala chikasuntha ndi kadanga kochepa ngati njere ya mapira, liwu lasintha. Apa ndi pamene pagona kuvuta kwake, ndipo ubwino wake wagonanso pomwepo. Malimba a Asena a kuchigwa cha Shire ndi mbira zambiri za Ashona zili ndi kachunidwe kawokawo kosagwirizana ndi piyano. Piyano singathe kuzitsata. Vayolini ikhoza, monga mmene kaligo amatsatira pakhosi pa mwini wake. Amwenye a kummwera kwa India anazindikira zimenezi zaka 200 zapitazo ndipo amaiimba atakhala pansi, mutu wake atautsamiritsa pa kakolo. Ku Zanzibar ili pakati pa nyimbo za taarab. Azulu anailowetsa m'nyimbo zawo za m'misewu ndi m'makomboni. Palibe amene anapempha chilolezo ku Cremona.

Tsiku loyamba

Mphunzitsi wabwino sathamangira nyimbo. Tsiku loyamba, mwinanso sabata zingapo, amalimbana ndi kaimidwe. Vayolini imakhala paphewa la kumanzere, nsagwada itatsamira pang'ono pa kambale kake, mutu wosapanikiza. Dzanja la manja limagwira uta momasuka, chala chamanthu chitapindika, kachala kakang'ono katakhala pamwamba pa ndodo. Uta uyenera kuyenda mowongoka pakati pa kamlatho ndi thabwa lakuda lija. Zikuoneka zochepa, koma munthu sangazione yekha, ndipo apa ndi pamene pali ntchito ya mphunzitsi wapadera. M'kalasi la ana makumi anayi palibe amene angaone kuti phewa la mwana uyu lakwera, kapena kuti chigongono cha uyo chatsika. Chizolowezi choipa chikakhazikika chimatenga zaka kuti chichoke, ndipo chimabweretsa kupweteka kwa khosi ndi mkono. M'mera mpoyamba.

Nsambo zinayi zija, kuyambira yonenepa, mayina ake ndi G, D, A ndi E. Ya A imachunidwa kuti izinjenjemera ka 440 pa sekondi iliyonse, ndipo zinazo zimachunidwa potsata iyo. Pakati pa nsambo iliyonse ndi inzake pali mtunda wofanana ndi wa do ndi so. Munthu wa kwaya amaudziwa kale mtunda umenewu m'khutu mwake, choncho kuchuna sikumutengera nthawi.

Tsono nachi chimene chimasangalatsa ophunzira ochokera m'makwaya. Mukatenga nsambo ya D yosagwira n'kuitcha do, chala chamkombaphala chimapereka re, chapakati mi, chachitatu fa. Mukasamukira pa nsambo ya A yosagwira mwapeza so, ndipo zala zitatu zomwezo, pamalo omwewo, zimapereka la, ti ndi do wapamwamba. Makwerero onse a mawu asanu ndi atatu atha ndi nsambo ziwiri ndi zala zitatu. Wophunzira amaona ndi maso kuti chala chachiwiri ndi chachitatu zimagundana, pamene zinazo zimatalikirana. Kugundanako ndi kuja kwa mi ndi fa, ndi kwa ti ndi do, mawu amene ali pafupi kwambiri kuposa anzawo. Mayi amene waimba alto kutchalitchi zaka makumi awiri amakhala akuzimva zimenezi Lamulungu lililonse, koma tsiku limeneli ndi pamene amaziona zili pa zala zake.

Mawu a miyezi yoyamba sakoma, ndipo wophunzira ayenera kuuzidwa zimenezi poyera kuti asagwe mphwayi. Nsambo imalira mokwecheka chifukwa uta wapanikizidwa kwambiri koma ukuyenda pang'onopang'ono, kapena imachita kamluzu chifukwa uta ukuthamanga mopepuka. Kulemera kwa dzanja, liwiro la uta ndi malo amene uta wagwira, zitatuzi ziyenera kumvana, ndipo mkono umaziphunzira mwa kubwereza. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri a Loweruka lokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Manotsi

Chimene m'masukulu amati theory ndi kuphunzira mayina ndi malamulo a zinthu zimene khutu limamva, ndi kuzilemba kuti wina akaziwerenge. Kwathu kuno njira yolembera nyimbo imene inafika poyamba ndi solfa. Gwero lake ndi lakale. Cha m'ma 1025 mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, anapatsa mawu mayina aafupi kuti anyamata a kwaya aziloweza msanga, ndipo iye yemweyo anakonza zolemba mawu pa mizere. Patapita zaka mazana asanu ndi atatu, mayi wina wa ku Norwich ku England, Sarah Glover, anakonza njira yophunzitsira ana ndi mayina amenewa, ndipo mbusa John Curwen anaitenga, kuiwongola ndi kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Ubwino wake unali wakuti imalembedwa ndi zilembo wamba, d r m f s l t, moti makina alionse osindikizira mabuku ankatha kuisindikiza. Amishoni anaitenga n'kuifikitsa m'masukulu ndi m'matchalitchi a kuno. Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'solfa mu 1897, nyimbo imene m'Chishona inakhala ya fuko la Zimbabwe kuyambira 1980 mpaka 1994.

Solfa imatiuza ubale wa mawu. Do amasuntha: lero akhoza kukhala pa D, mawa pa G, malinga ndi pamene woyambitsa nyimbo wayambira. Kwa woimba pakamwa zimenezi n'zokwanira. Woimba vayolini amafunikanso kudziwa malo enieni, nsambo iti ndi chala chiti, ndipo apa ndi pamene pamalowera staff, mizere isanu ndi mipata inayi. Kadontho kakakwera pa mizere, liwu lakwera. Maonekedwe a kadonthoko, kaya n'koboola pakati, kodzaza, kapena kali ndi kamchira, amanena kutalika kwa liwu. Zizindikiro za kumayambiriro kwa mzere zimanena kiyi ndi kawerengedwe ka kugunda. Munthu wodziwa kale solfa sayamba pa ziro, chifukwa ntchito yake ndi kungopeza pamene do wakhala pa mizereyo, zotsalazo n'kumawerenga monga kale. Ndimadandaula ndikamva mphunzitsi akuuza wophunzira kuti aiwale solfa ngati ndi chinthu chachibwana. Ameneyo akugwetsa mlatho umene wophunzira akanawolokerapo.

Vayolini ndi chida chabwino chophunzitsira malamulowa chifukwa masamu ake amaoneka. Gwirani nsambo pakati penipeni: theka lotsalalo limanjenjemera kawiri kuposa nsambo yonse, ndipo liwu lake ndi do wapamwamba. Nsambo ya A ikamapereka 440, theka lake limapereka 880. Gwirani posiya magawo awiri mwa atatu: mwapeza so, amene amanjenjemera katatu pamene do wanjenjemera kawiri. Ndiye chifukwa chake nsambo ya E, imene ndi so wa A, ili pafupifupi pa 660. Mawu amene amamveka okoma akaimbidwa pamodzi ndi amene manambala awo amagwirizana mophweka chotere. Agiriki akale anazipeza poyesa nsambo imodzi yokungidwa pa thabwa, chida chosasiyana kwenikweni ndi kaligo.

Koma pepala lili ndi malire ake, ndipo mphunzitsi woona mtima amawanena. Staff inapangidwira nyimbo za ku Ulaya, zimene kugunda kwake kwamphamvu kumagwa kumayambiriro kwa chigawo chilichonse. Nyimbo zambiri za mbira zimazungulira pa tigundo 48, m'zigawo zinayi za tigundo 12, ndipo munthu akhoza kuzimva m'magulu a titatu kapena a tinayi nthawi imodzi. Ng'oma za gule ndi kuwomba m'manja kwa amayi a chisamba zimalukana mwa njira yomweyo, uyu akuwerenga ziwiri pamene mnzake akuwerenga zitatu. Mabuku a theory amaika zoterezi m'makalasi apamwamba ngati zovuta, pamene mwana wa ku Chakari amazivina asanayambe sukulu. Mphunzitsi wanzeru amayambira pomwepo: amamuwombetsa m'manja zimene akudziwa kale, kenako n'kumuonetsa mmene zimalembedwera, ndi pamene pepala likulephera.

Nanga phindu la kuwerenga ndi lotani, poti Macheso anafika pamene ali ndi khutu ndi zala? Phindu lilipo, ndipo ndi lalikulu. Wowerenga manotsi akhoza kuimba nyimbo imene sanaimvepo, yolembedwa ndi munthu amene anamwalira kalekale kapena wokhala kutsidya kwa nyanja. Akhoza kukhala pansi ndi anthu makumi asanu osadziwana, onse n'kuyamba pamodzi. Akhoza kulemba nyimbo ya agogo ake isanapite nawo kumanda. Nyimbo za oimba kaligo ndi bangwe zimene tili nazo lero zinapulumuka chifukwa anthu monga Hugh Tracey, m'zaka za m'ma 1950, ndi Kubik pambuyo pake, anazijambula. Zambiri zimene sizinajambulidwe kapena kulembedwa zinapita ndi eni ake.

Palinso mayeso. Bungwe la ku London la ABRSM, limene linayamba mu 1889, limayesa oimba m'magiredi kuyambira 1 mpaka 8, ndipo amene akufuna kupitirira giredi 5 pa choimbira amayenera kuonetsa kaye kuti malamulo a nyimbo akuwadziwa, kawirikawiri pokhoza giredi 5 ya theory. Trinity College London nayonso ili ndi mayeso ake. Kuyambira 2020 ABRSM imalola wophunzira kujambula kaimbidwe kake pa vidiyo n'kutumiza, ndipo mayeso a theory a magiredi oyamba amalembedwa pa intaneti. Kwa munthu wa ku Sanyati kusintha kumeneku n'kwakukulu. Satifiketi imathandiza pofuna malo kukoleji kapena ntchito yophunzitsa, koma mwana amene chaka chonse amangoimba nyimbo zitatu za mayeso amakhala akumanidwa chakudya.

Msinkhu

Mavayolini amapangidwa m'masaizi: yathunthu ya akulu, ya magawo atatu mwa anayi, ya theka, ya kota, mpaka ting'onoting'ono ta ana a zaka zitatu. Mwana akapatsidwa yaikulu poti adzakula nayo, monga timachitira ndi yunifolomu, dzanja lake limapindika molakwika. Poyesa, mwana atambasule mkono pansi pa vayolini. Chikhato chizitha kufumbata mutu wake chigongono chisanawongokeretu.

Amene anatchukitsa zophunzitsa ana aang'ono ndi Shinichi Suzuki wa ku Japan, wobadwa mu 1898 ku Nagoya, kumene bambo ake anali ndi fakitale ya mavayolini. Mfundo yake inali yakuti mwana aliyense amaphunzira chilankhulo cha amayi ake, ngakhale chovuta bwanji, chifukwa amachimva tsiku ndi tsiku, amabwereza, ndipo akulu amamuchemerera. Anati nyimbo iphunzitsidwenso motero: kumva kaye, kuimba, kuwerenga pambuyo, kholo lili pomwepo. Kwa ife izi si zachilendo, ndi mmene mwana amaphunzirira ng'oma pabwalo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Suzuki mwiniwakeyo anayamba vayolini ali ndi zaka pafupifupi 17, podziphunzitsa ndi kumvetsera magalamafoni, asanapite kukaphunzira ku Berlin. Anamwalira mu 1998 ali ndi zaka 99.

Wamkulu ali ndi zake zomuthandiza. Amamva kufotokoza, amadziwa chimene akufuna, ndipo ndalama ya phunziro ndi thukuta lake, choncho saitaya. Chimene chimamuvuta ndi kuuma kwa mapewa, makamaka amene manja ake anazolowera khasu kapena nyundo, ndiponso manyazi. Bambo wa ulemu wake safuna kuti ana amve akulakwitsa. Mphunzitsi wachinyamata ayenera kudziwa kulankhula naye: "Bambo, tatsitsani phewa pang'ono, tiyesenso." Phunziro lapadera limathandiza pamenepa chifukwa cholakwa chimathera m'chipinda.

Umboni wakuti akulu angathe uli ku Kinshasa. Mu 1994 Armand Diangienda, amene kale anali woyendetsa ndege, mdzukulu wa mneneri Simon Kimbangu, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste ndi anthu a mumpingo, ambiri mwa iwo akuluakulu osadziwa manotsi. Mavayolini anali ochepa moti ankachita kulandizana, ndipo nsambo ikaduka ankaikapo waya wa buleki ya njinga, uja wa banjo zathu. Filimu ya mu 2010 yotchedwa Kinshasa Symphony inawaonetsa akukonzekera kuimba Beethoven. Ku Soweto, Rosemary Nalden anatsegula sukulu ya Buskaid mu 1997, ndipo ana a ku Diepkloof amene anaphunzira kumeneko amaimba nyimbo zakale za ku Ulaya pamodzi ndi kwela pa nsambo zomwezo, ena mwa iwo n'kukhala aphunzitsi a ang'ono awo.

Kupeza mphunzitsi uli ku Sanyati

Aphunzitsi a vayolini m'Zimbabwe adzaza ku Harare ndi ku Bulawayo. Ku Harare kuli Zimbabwe College of Music, imene inayamba mu 1948. Ku Bulawayo kuli Zimbabwe Academy of Music, ndipo mumzinda womwewo koleji ya Kwanongoma, yotsegulidwa mu 1961, ndi imene inakonza marimba amene akuimbidwa m'masukulu ambiri lero. Music Crossroads ili ndi sukulu ku Harare, ku Lilongwe ndi ku Maputo. Wa ku Kadoma kapena Chegutu akhoza kukwera basi m'mawa n'kubwerako madzulo. Wa ku Sanyati ulendo ndi wautali ndipo ndalama ya thonje imabwera kamodzi pachaka.

Njira yotheka ndi kugawa ntchito. Malamulo a nyimbo safuna vayolini, ndipo odziwa manotsi ali pafupi kuposa mmene timaganizira: aphunzitsi a kwaya, oimba malipenga a Salvation Army amene amawerenga staff kuyambira ali ana, opuma ntchito a m'mabandi a polisi ndi asilikali, aphunzitsi a nyimbo a kusekondale. Za kagwiridwe ka choimbira, wophunzira akhoza kukaonana ndi mphunzitsi wa kutauni kamodzi pamwezi, pakatipo n'kumatumizirana mavidiyo pa WhatsApp. Foni iikidwe poti dzanja la uta ndi zala zonse zizioneka. Miyezi yoyamba yokha ndiyo sindingalangize kuti ichitikire pafoni, chifukwa mphunzitsi amafunika kugwira chigongono ndi kuchiika pamalo pake. Ngati wophunzira ndi mwana, kholo likhalepo pa phunziro, chitseko chili chotsegula. Mphunzitsi wolongosoka sakana zimenezi, ndipo kholo limene lamva malangizo ndi limene limakumbutsa mwana kunyumba.

Musagule vayolini musanafunse mphunzitsi. Zotchipa zambiri zimabwera kamlatho kosasemedwa bwino, nsambo zitatalikira thabwa moti zala zimapweteka, ndi zichiri zoterereka; munthu wodziwa akhoza kuzikonza pang'ono n'kukhala zogwirika. Mabanja angapo kapena mpingo akhoza kugula masaizi osiyana n'kumapatsirana ana akamakula.

Mdani wamkulu kuno ndi kutentha. Matabwa a vayolini amamatidwa ndi guluu wa zikopa amene amafewa akatenthedwa, ndipo dzuwa la Okutobala la ku Sanyati likhoza kumatula choimbira chosiyidwa m'galimoto kapena pafupi ndi malata. Chisungidwe m'bokosi lake, pansi, m'chipinda chozizira. Mvula ikayamba matabwa amafufuma, zichiri zimalimba. Chilimwe chikafika zimamasuka, nsambo n'kutsika zokha usiku. Mukatha kuimba pukutani fumbi la utomoni ndi kansalu kouma, ndipo masulani ubweya wa uta kuti ndodo isawongoke. Posintha nsambo muzichotsa imodziimodzi, chifukwa mukamasula zonse kamlatho kamagwa, ndipo kamtengo ka m'kati kaja kakhoza kugwa nako. Kukaimikanso pamafunika kachitsulo kopindika kolowetsa pa kabowo ka pamwamba, ndi munthu amene anazichitapo.